Ngongole Yathu kwa Agogo

Akubanja, mafumu athu, ndi inu amayi a Chigwirizano amene mwavala zoyera lero chifukwa cha mnzanu: patha chaka chiwaikireni m'manda mayi athu, ndipo tasonkhananso kuti tivundukule chiliza chimene ana ndi zidzukulu awamangira. Mwachita bwino. Yakobo nayenso adaimika mwala pamanda a Rakele m'njira ya ku Betelehemu, ndipo Malembo samudzudzula. Koma mawu amene tawerenga pa 2 Timoteo 1:3-7 ndi pa 1 Timoteo 5:3-10 sindidawasankhe chifukwa cha mwala. Ndawasankha chifukwa mtima wanga ukuwawa ndi zimene zikuchitikira agogo amene akali moyo.

Mu Januwale 2016, ku Neno, mphenzi idapha mtsikana. Anthu a kumeneko sadalire maliro amodzi: adagwira okalamba anayi nawapha, ati ndiwo adatumiza mphenziyo. Chakumapeto kwa 2022 mafoni athu adadzaza ndi kanema wa ku Mzimba, mayi wa imvi akumenyedwa kumanda, akukakamizidwa kukwirira dzenje, khamu la anthu litangoima kuonerera. Ambiri tidaonera kanemayo, tidapukusa mitu, tidatumizira anzathu. Izo n'zimene zidamveka dziko lonse. Zambiri sizimveka: gogo wothamangitsidwa m'mudzi usiku, gogo wotentheredwa nyumba, gogo amene zidzukulu zake zidaletsedwa kulandira ngakhale mbatata yootcha ya m'manja mwake. Izi zikuchitika m'dziko limene ambirife timati ndife Akhristu, ndipo sindikayika kuti manja ena otola miyala pa tsiku lotere amakhala atagwira buku la nyimbo Lamulungu lapitalo. Tsono sitingatamande gogo mmodzi amene wagona, n'kukhala chete za anzake amene akugona ndi mantha.

Paulo akulemba kalata yachiwiri ya kwa Timoteo ali m'ndende ku Roma, akudziwa kuti kwake kwatha. Timoteo ali ku Efeso ndi mpingo wovuta, iye mwini wamng'ono msinkhu, wodwaladwala m'mimba, wofuna kulimbitsidwa mtima. Tikadakhala ife, bwenzi titayamba ndi kumukumbutsa za udindo wake ndi za tsiku limene adasanjikidwa manja. Paulo akuzitchula zimenezo, koma pambuyo. Wayamba ndi amayi awiri a ku Lustra, Loisi agogo ake a Timoteo ndi Yunike amayi ake, ndipo akuti chikhulupiriro chenicheni chimene akuchiona mwa mnyamatayo chidali chitakhazikika kale mwa awiriwa. Pa Machitidwe 16 timamva kuti bambo ake a Timoteo adali Mhelene, ndipo mwanayo adakula wosadulidwa. Ndiye kuti pakhomopo za Mulungu wa Israele sizidali m'manja mwa bambo. Mzinda wake mukuudziwa. Ndi ku Lustra kuja anthu adafuna kuphera ng'ombe Paulo ndi Barnaba powayesa milungu, kenako khamu lidatembenuka, lidaponya Paulo miyala ndi kumukokera kunja kwa mzinda poganiza kuti wafa. M'mudzi wotere amayi awiri ankakhazika pansi mwana wawo n'kumamuphunzitsa Malembo kuyambira ali wakhanda, monga mutu 3 wa kalatayi ukunenera. Loisi amatchulidwa kamodzi kokha m'Baibulo lonse, koma popanda iye sitikadakhala ndi Timoteo amene timamudziwa.

Achikulire mukukumbukira masiku amene machesi adali osowa. Moto ukazima, mwana ankatumidwa kukapala kwa anansi, n'kubwera nalo khala paphale, akuliuzira m'njira kuti lisazime. Chikhulupiriro chimayenda motero. Mwini moto ndi Mzimu Woyera, koma amakonda kuupereka kudzera pakhomo la munthu, ndipo kawirikawiri khomo limenelo limakhala la gogo. N'chifukwa chake pa vesi 6 Paulo sakuuza Timoteo kuti akapeke moto watsopano. Akumuuza kuti akoleze umene adalandira.

Mayi athu amene tikuwakumbukira lero sadapite kusukulu ali mtsikana. Masiku amenewo makolo ambiri ankati mwana wamkazi sukulu yake ndi pamtondo. Adakwatiwa akali aang'ono, ndipo amuna awo, monga amuna ambiri a m'midzi ino, adalembetsa Wenela napita kumigodi ya ku Joni. Adabwerako ndi njinga, wailesi, ndi chifuwa chimene chidadzawatenga. Bambowo adali munthu waulemu, koma wa mpingo ayi, ndipo mayi athu sadadikire kuti mwamuna ayambe watembenuka kuti pemphero lilowe m'nyumba. Adalowa kalasi okha, adabatizidwa, ndipo sukulu ya kwacha itafika m'mudzi adakakhala pansi pa mtengo, mwana ali kumsana, kuphunzira zilembo. Anzawo ankafuna kudziwa kusaina dzina ndi kudziwerengera makalata a ku Joni. Iwonso ankafuna zimenezo, koma chachikulu ankati atopa n'kumva Mawu a Mulungu ndi pakamwa pa ena pokha.

Buku Lopatulika lawo banja labwera nalo lero, ndipo amene akufuna adzalione. Chikuto chidathothoka kalekale, adachisokerera ndi ulusi wa thumba la feteleza, ndipo linkasungidwa m'pepala la shuga kuopa chiswe ndi kudontha kwa denga. Masamba a Masalmo ndi a Yohane adada m'mphepete, chifukwa ankawerenga chala chili pansi pa mzere, milomo ikuyenda, liwu limodzilimodzi. Atsikana amene mudagona m'kuka mwawo mukulidziwa dongosolo lake: nsima ikatha, nthano kaye, za akalulu ndi afisi, kenako koloboyi asendezedwe pafupi, wina awerenge ndime, onse agwade. Woodzera ankadzutsidwa ndi chala m'nthiti. Palafini akasowa, ankanena ndime za pamtima mumdima momwemo.

Ndili ndi zinthu zitatu, ndipo choyamba ndi chimenecho, sindichedwapo: chikhulupiriro chimaperekedwa pakhomo, madzulo, ndi munthu wotopa kale ndi ntchito za tsikulo. Ambirife tidasiyira ntchitoyi aphunzitsi a Sande sukulu. Aphunzitsiwo akuyesetsa, koma amakhala ndi ana athu ola limodzi pa sabata. Maola ena onse anawo akuona ife. Amationa titaweramira foni kuyambira pa nsima mpaka tulo, amatimva tikudya miseche pobwera kutchalitchi, koma alipo ana a Akhristu amene sanaonepo bambo awo atagwada. Abambo, taganizani za Mhelene uja wa ku Lustra. Adabereka mtumiki wamkulu wa Mulungu, koma Malembo sadasunge ngakhale dzina lake. Musakhutire n'kukhala mwini khomo limene amapemphera ndi amayi okha.

Chachiwiri, chikhulupiriro cha mayi athu chinkaoneka ndi ntchito za manja awo. Pa 1 Timoteo 5 Paulo akufotokoza mayi wamasiye woyenera ulemu wa mpingo, ndipo zimene akufunsa n'zakuti kodi adalera ana, kodi ankalandira alendo, kodi ankathandiza ovutika. Mayi athu adalera kawiri. Edzi idadziwika m'dziko muno mu 1985, ndipo ma ARV adayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Amene mudali akulu pakati pa zaka zimenezo simufuna kukumbutsidwa: opala matabwa ambiri adasiya mipando n'kuyamba mabokosi, ndipo makasu okumbira manda sankapuma. M'zaka zimenezo mayi athu adaika m'manda ana awo atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi. Onse adabwera kuchokera m'tauni atanyamulidwa, ndipo onse adawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala ndi manja awoawo, opanda magolovesi. Aliyense adasiya ana. Pa msinkhu umene munthu amayembekeza kuti ana amutungire madzi, iwo adayambiranso kuphika phala la m'mawa, kusoka zigamba pa mayunifolomu a sukulu ndi kulima munda wodyetsa khamu.

Kenako idagwa njala ya 2002. Nkhokwe zidaima zopanda kanthu, anthu adadya gaga ndi mizu ya nthochi, ziweto zidagulitsidwa motaya, ndipo wogwidwa akuba chimanga chachiwisi sankachitiridwa chifundo. Mayi athu ankapita kuganyu m'bandakucha n'kubwera dzuwa litapendeka ndi kambale ka gaga. Ankatsitsa chikwatu cha mfutso, kumasula, kutapa pang'ono, n'kumanganso. Akagawira ana, iwo ankati adyera pamoto pophika. Mdzukulu wawo wamkulu adazindikira kuti sizidali choncho ataona kuti amamanga chingwe pamimba pamwamba pa chitenje, ndipo mfundo yake ikusendera m'kati sabata ndi sabata.

Mmodzi wa zidzukulu zawo, mnyamata amene wandilola kunena izi, tsiku lina adakana kupemphera. Adati, “Agogo, tithokoze chiyani? Gaga n'chakudya cha nkhumba.” Sadamumenye, sadamulalikire. Adangoti, “Iwe tsinzina chabe, kuthokozako ndithokoza ine.” Adatsinzina. Akuti adamva agogo ake akutchula mayina a ana onse mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu, ndi la iye wokwiyayo lomwe, osadumpha ndi limodzi. Chaka chimenecho pakhomo limenelo sipadafe mwana.

Nkhaniyi ikadathera pamenepo, bwenzi titaimba n'kubalalika. Koma akuluakulu a m'mudzi muno mukudziwa kuti pali zina, ndipo banja landipempha kuti ndisabise. Mwana wachitatu atangoikidwa, khanda la pakhomo loyandikana lidamwalira ndi malungo. Kumjigo kudayamba manong'onong'o. Ati ana atatu angathe bwanji motsatizana, mwini wake nkhalamba ali gwa? Ati wadya ake, tsopano wayamba a eni. Wina adapita kwa sing'anga, ndipo sing'anga adaona zimene amaona nthawi zonse: mayi wachikulire, wamasiye, wofiira maso, wokhala chapafupi. Amayi adayamba kusuntha zidebe zawo iwo akafika pamjigo. Ana adaletsedwa kudutsa pakhomo pawo. M'tchalitchi mwathu, pabenchi la amayi, malo oyandikana nawo ankatsala opanda munthu ngakhale tsiku la Mgonero, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Usiku wina miyala idagwa pachitseko, zidzukulu zili m'kati.

Sabata yomweyo kudagwa maliro kumudzi wa kutsidya, ndipo mayi athu adavala malaya oyera ndi duku, adasenza mtolo wa nkhuni ndi kaufa, napita kukagona pasiwa monga mwa nthawi zonse. Amene adawalanditsa, mwa chifundo cha Mulungu, adali amayi awiri a Chigwirizano. Sadaitanitse msonkhano. Adangopinda mphasa zawo madzulo, nadutsa pakati pa mudzi anthu akuona, kukagona m'kuka mwa mnzawo. Kutacha adadya nsima ya m'manja mwake pakhonde, poyera. Adapitiriza motero mpaka amfumu adaitanitsa bwalo naletsa nkhaniyo. Mmodzi wa amayiwo adatsogola kale, wina ali nafe pano, ndipo sindiwatchula chifukwa sangakonde.

Tsono tamverani. Mankhwala atafika m'zipatala, maliro a achinyamata adachepa m'mudzi muno. Anthu amene tidawaona atatheratu adadzuka nabwerera kumunda. Agogo aja adali omwewo, nyumba yomweyo, maso ofiira omwewo. Nanga ufiti uja udalowera kuti? Chidapha ana awo chidali kachilombo, adapha khanda lija adali malungo. Koma palibe ndi mmodzi yemwe adapita kukagwada pakhomo pawo kunena kuti, “Amayi, tidakulakwirani.” Iwo adakhululuka osapemphedwa, ndipo ena mwa amene adasuntha zidebe adadzawaona mayi omwewo akuwabweretsera phala atadwala. Koma kukhululuka kwawo sikufafaniza mlandu wathu pamaso pa Mulungu. Ngati pali wina pano amene pakamwa pake padatuluka mawu aja, chiliza sichimva kupepesa, koma ana awo ndi zidzukulu ali pano, ndipo Mulungu amamva.

Kwa inu akubanja, chitonthozo chanu n'cholimba. Sitikuti mayi anu adapulumuka chifukwa cha gaga uja, kapena chifukwa cha malaya oyera. Iwo eni akadatitsutsa. Adapulumuka chifukwa cha Yesu amene adawafera, amene adamugwiritsa osamutaya ngakhale pamene anthu a Yesu adawataya. Paulo adauza Atesalonika kuti ogona mwa Khristu adzauka Ambuye akadzabwera. Lirani, pakuti mwataya mayi, koma musalire ngati anthu opanda poyembekeza.

Chachitatu ndi ngongole, ndipo pano ndikhalitsa. Paulo akuti mayi wamasiye akakhala ndi ana kapena zidzukulu, iwowo ayambire pakhomo pawo kuonetsa kuti ndi opembedza, pobwezera makolo zimene adawachitira. Kenako akunena mawu olemera kwambiri: munthu wosasamala a pabanja pake chikhulupiriro wachikana, ndipo ngakhale wosapemphera amamuposa. Onani kuti zidzukulu zatchulidwa. Kusamala gogo si chifundo chochita zikatsalako. Ndi ngongole, ndipo ili ndi nthawi yake yobwezera, mwini wake akali kupuma.

Ife tidazolowera kubweza mochedwa. Gogo akamwalira, gulu la WhatsApp limatsegulidwa tsiku lomwelo, ndipo pofika mawa ndalama zapezeka za bokosi lonyezimira, za tenti, za zokuzira mawu, za nsalu zofanana, mwina ndi za ng'ombe. Ndalama zimenezo zidali kuti dzinja lapitalo, pamene denga linkadonthera pamphasa pake, iye akusunthasuntha usiku kufuna pouma? Bulangete latsopano limene timamufunditsa m'bokosi lidali kuti mu Juni? Banja lino lidayesetsa, ine ndine mboni. Ndikunena mwambo umene watilowa tonse.

Pa Marko 7 Yesu adadzudzula Afarisi chifukwa ankalola munthu kunena kuti chuma chake wachipereka kwa Mulungu, n'kumasuka pa udindo wosamala makolo. Ife abusa ndife oyamba kuyenera kumva mawu amenewa, popeza ndife timaitanitsa zopereka. Ngati ukuvina ndi ndalama m'manja pa Pepa Sande kuti dzina lako limveke pamaiki, chikhalirecho amayi ako kumudzi atha mwezi osalawa tiyi wa shuga, bwerera nazo ndalamazo ukayambire kwa amayi ako. Tchalitchi tidzamanga chaka china.

Inu ana athu a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi ku Cape Town amene mudzawerenga ulaliki uno muli kutali: tikudziwa kuti kumeneko ndalama sizitoledwa pansi. Tikudziwa za lendi, za mapepala, za ganyu wosowa, za mantha a usiku. Kunonso zinthu zidavuta. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo sopo, mchere ndi feteleza zidakwera osatsikanso. Koma mudasiya ana m'manja mwa amayi anu ndi lonjezo la miyezi yochepa. Poyamba uthenga wa ndalama za pa Mukuru unkabwera, kenako zii, nambala idasintha. Mayi wa zaka 70 akulima, akutunga, akuthamangira kuchipatala usiku mwana wanu ali kumsana. Ngati zavuta, imbani munene kuti zavuta. Mayi amapirira umphawi wa mwana wake, koma kusamva liwu lake kumamudwalitsa. Ndipo zikapezeka, musatumize za ana okha. Nenani kuti, “Iyi ndi ya kusukulu, iyi ndi yanu amayi, mugule nsapato.” Mukapanda kunena, yonse ithera pa zidzukulu, iwo n'kumayendabe pansi.

Ndi inu zidzukulu za kumudzi kuno. Boma lidayambitsa Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006 kuti mabanja osaukitsitsa, opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, apeze pogwira. Pali zidzukulu zimene zimakumbukira gogo tsiku lolandira lokha. Kumukweza pakabaza, kumuperekeza pamzere, pobwerera ndalama zili m'thumba mwa mnyamata, zikathera kubetcha mpira ndi kachasu. Kumeneko n'kuba, ndipo pa Eksodo 22 Mulungu adachenjeza kuti wamasiye wozunzidwa akalira, Iye adzamva ndithu. Ena mukugulitsa dimba la agogo iwo ali moyo, ati sakulilimanso. Ndipo taonani bwino, nkhani ya ufiti imakonda kubuka pamene pali munda wolimbirana.

Ndidati zitatu, koma pali chachinayi chimene sindingachisiye. Zaka zawo zomaliza mayi athu adayamba kuiwala. Ankafunsa za ana amene adawaika okha m'manda, ati abwera liti. Usiku wina adatsegula chitseko napita, ati akukachingamira amuna awo kusiteji, akuchokera ku Wenela. Adapezeka m'mawa kutsidya la dambo, chitenje chitagwa m'njira, osadziwa kumene ali. Adawapeza ndi munthu wowadziwa, amene adawafunditsa jekete lake nawabweza kunyumba. Akadawapeza anyamata a mudzi wachilendo, bwenzi titamva kuti mfiti yagwa palichero, ndipo bwenzi lero tikuvundukula chiliza cha munthu wophedwa. Kuiwala kotere ndi matenda a ubongo amene amagwira anthu ena akakalamba, ndipo achipatala amawadziwa. Wodwalayo amasochera, amavula, amalankhula ndi anthu amene adamwalira kale, ndipo ukamuzungulira ndi ndodo kuti avomere ufiti, avomera chilichonse. Maso ofiira aja ndi utsi wa nkhuni wa moyo wonse, utsi wa nsima imene tidadya ife.

Sindikukana kuti mphamvu za mdima zilipo. Koma Aefeso 6 akutiuza kuti nkhondo yathu si yolimbana ndi anthu anzathu, ndipo pa zida zimene tapatsidwa pamenepo palibe chikwanje, palibe mwala, palibe machesi. Ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wakhungu kuti adalakwa ndani, Yesu adakana kuloza munthu chala. Ponena za nsanja ya ku Siloamu imene idagwera anthu 18, sadafunefune woitumiza. Adauza omvera ake kuti alape iwo eni. Mtima wa munthu ukaferedwa umafuna woti umude, ndipo kawirikawiri umasankha amene sangathawe, sangabweze, alibe mwana wamwamuna pafupi womuimira. Kumeneko si kuzindikira mizimu, abale. Ndi chisoni chimene chasanduka nkhanza.

Ndipo inu amene mumayenda kwa aneneri a masiku ano: munthu akakuuzani kuti ntchito ikukusowani kapena banja likukuvutani chifukwa agogo anu kumudzi adakumangani, ameneyo wakuphunzitsani kuswa malamulo awiri nthawi imodzi, la kulemekeza makolo ndi loletsa umboni wonama, ndipo inu mwamulipira. Tulukaniko. Wakulekanitsani ndi munthu amene mwina ndi yekhayo pa dziko lino amene amatchula dzina lanu kwa Mulungu usiku uliwonse.

Mafumu athu, lamulo la dziko lili kumbuyo kwanu. Kuyambira 1911 kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'dziko muno, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma apolisi amafika nyumba itapsa kale. Amene amamva manong'onong'o oyamba ndinu, ndi ife akulu ampingo, ndi amayi kumjigo. Nkhani yotere izithera pamjigo pomwepo. Achinyamata amene lero muli ndi mphamvu zotola mwala, kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mulungu akakusungani, imvi zikubwera, ndipo ana akuona mmene mukuchitira.

Inu agogo amene mwakhala pamphasa kutsogoloku, Salmo 71 ndi lanu. Muli pemphero la nkhalamba yopempha Mulungu kuti asaitaye mphamvu zikatha, ndipo chifukwa chimene ikupereka n'chakuti ikadali ndi ntchito youza mbadwo wotsatira za mphamvu ya Mulungu. Ntchito yanu sidathe. Zidzukulu zikamakusekani kuti ndinu achikale, ziitaneni ndithu madzulo. Ngati maso adafooka, zikuwerengereni ndizo, inu mupemphere. Ndipo mukasowa kanthu, nenani. Musamange chingwe pamimba mobisa monga adachitira mnzanu uja. Ife tili nanu ndi ngongole, tipatseni mpata tibweze.

Mpingo woyamba udasankha amuna 7 aja a pa Machitidwe 6 chifukwa amasiye ena ankaiwalika pogawa chakudya, ndipo Timoteo adauzidwa kusunga mndandanda wa amasiye a zaka 60 kupita m'tsogolo. Ife tili ndi kaundula wa zopereka, wa ubatizo ndi wa milandu, koma wa okalamba okhala okha tilibe. Tiuyambe sabata ino. Mkulu wa mpingo aliyense ayende m'dera lake pamodzi ndi mtumiki, alembe dzina la gogo aliyense wokhala yekha kapena wolera ana amasiye, kaya ndi wa mpingo uno kaya ayi. Aone denga, chitseko, chofunda ndi nkhokwe, ndipo mayinawo afike kubwalo la akulu ampingo mwezi uno usanathe. Achinyamata a kwaya, Loweruka limodzi pamwezi mudzasiya kuphunzira nyimbo, mudzatenga zikwakwa ndi luzi, kuti madenga afoleredwe mvula isanayambe. Amayi a Chigwirizano, anzanu awiri aja adakuonetsani kale chochita. Mukamva kuti mnzanu wayamba kusalidwa, pindani mphasa. Ndipo ngati pali wina pano amene akudziwa gogo amene dzina lake layamba kutchulidwa kumjigo, asadikire bwalo. Andipeze ine kapena mkulu wa mpingo wa m'dera lake lero lomwe, tisanakhale pansi kudya.